Kwa eni pulogalamu yomwe timagwiritsa ntchito kuofesi: malipiro a antchito aonedwa ndi anthu osayenera, inu n'kutseka tiketi ya dandaulo langa

Ndalemba poyera pano chifukwa kumbali mwakana kundimvera. Amene amawerenga tsamba lanuli adzionere okha mmene mumachitira ndi kasitomala ndalama yake ikalowa m'thumba mwanu.

Kampani yathu ndi yaing'ono, koma tinakulipirani madola 480 a chaka chonse, pasadakhale, osatsala ngakhale senti. Chimene chinatikopa n'chimodzi chokha: tinkatha kusankha kuti fayilo iyi aione uyu, uyo asaione. Wowerengera ndalama ankatsegula fayilo ya malipiro n'kusintha manambala. Woyang'anira zogulitsa ankangowerenga makontirakiti a makasitomala ake, osatha kusintha kalikonse. Mtsikana amene tinamulemba kwa kanthawi kuti azilowetsa ma invoisi ankaona ma invoisi basi. Zonsezi ndinazikonza ndekha, fayilo ndi fayilo, munthu ndi munthu.

Masabata apitawa munapanga update, kusintha pulogalamu yanuyo. Imelo ayi, chenjezo ayi. Zilolezo zonse zimene ndinaika pa fayilo iliyonse payokha zinafufutika, ndipo mafayilo anangotengera chilolezo cha foda imene alimo. Fayilo ya malipiro inali mufoda ya zachuma limodzi ndi ma invoisi. Ndiye aliyense wololedwa kulowa mufodamo anayamba kuona zonse: dzina la wantchito, malipiro ake, nambala ya akaunti yake ya kubanki, ngakhale ndalama imene amadulidwa pamwezi chifukwa cha ngongole. Ine ndinamva kwa bambo wina wachikulire amene wagwira nafe ntchito kuyambira kalekale. Analowa muofesi mwanga, kutseka chitseko, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Bwana, kodi za ngongole yanga zija aliyense akuzidziwa tsopano?" Anali atagwira chipewa chake m'manja, maso ali pansi. Abale, mukanakhala inu mukanamuyankha chiyani munthu wamkulu ngati ameneyo?

Tsiku lomwelo ndinatsegula tiketi, kenako ndinaimba foni. Mnyamata amene anayankha sanandilole kumaliza ngakhale chiganizo chimodzi. Ndikamafotokoza, iye ankangodula pakamwa kuti zimenezo zinalembedwa m'malangizo, ndikanawerenga. Ndinamufunsa kuti malangizo ake ati, munatumiza liti, kwa ndani? Anangoti zii. Ndinapempha audit log, kaundula wa zimene anthu achita mupulogalamu, kuti ndidziwe amene anatsegula fayiloyo ndi nthawi yake, iye n'kuti audit log ndi ya pulani yapamwamba ya madola 960, ndipo chilolezo cha fayilo payokha mwachisamutsiranso komweko. Nditapempha kulankhula ndi mkulu wake, anapumira m'mwamba mokweza kuti ndimve, n'kunena kuti palibe amene angandiuze zosiyana ndi zimene wanena. Foni n'kudula. Pasanapite nthawi imelo inafika yonena kuti vuto lathetsedwa ndipo tiketi yatsekedwa, pansi pake mukundipempha kuti ndikupatseni nyenyezi. Lathetsedwa ndi ndani? Fayilo ija ndinaichotsa ndekha mupulogalamu yanu n'kuisunga kwina, ndipo mpaka lero wowerengera ndalama akugwira ntchito movutikira.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mukundigulitsanso chinthu chimene ndinagula kale. Pamene ndinkalipira madola 480, chilolezo cha fayilo payokha chinali m'kati mwa pulaniyo. Mwachichotsa chaka chisanathe, mwatiika pamanyazi, ndiye mukuti ndiwonjezere madola 480 ena kuti mundibwezere. Zili ngati mwini nyumba wazula maloko a zipinda zonse usiku, m'mawa n'kumauza wochita lendi kuti akafuna loko alipire kawiri.

Ndipo musandiuze kuti chinthuchi n'chapamwamba, cha makampani akuluakulu okha. Mfundo yakuti munthu aliyense apatsidwe chilolezo chongokwanira ntchito yake, osapitirira, anailemba momveka Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder kale mu 1975. Njira yopereka zilolezo potengera udindo wa munthu anailongosola David Ferraiolo ndi Richard Kuhn a ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo ndi luso la makono, mu 1992. Ngakhale pa Google Drive yaulere munthu amatha kugawana fayilo imodzi ndi munthu mmodzi, n'kusankha kuti azingoona, azipereka ndemanga kapena azisintha. Inu mwatisiyira maudindo awiri okha, admin ndi membala, ndi chilolezo cha foda yonse. Udindo pawokha sukwanira. Anthu awiri angathe kukhala m'dipatimenti imodzi, wina n'kuyenera kuona malipiro, wina ayi. Kodi pakampani panupo wantchito amene wabwera dzulo amaona malipiro a bwana wanu wamkulu?

Mumanena patsamba lanu kuti muli ndi makasitomala ku Europe. Ndiye lamulo la kumeneko loteteza deta ya anthu, la GDPR, mukulidziwa: kampani yosunga deta m'malo mwa ina iyenera kudziwitsa mwini wake mosazengereza deta ikaonedwa ndi osayenera, ndipo mwiniyo amakhala ndi maola 72 oti akanene kwa oyang'anira chitetezo cha deta. Ife simunatiuze kanthu. Ndani akudziwa kuti ndi makampani angati ena amene mafayilo awo ali pambalambanda pakadali pano, eni ake osadziwa? Anzanga amene mumagwiritsa ntchito pulogalamuyi, siyani zimene mukuchita, lowani ndi akaunti ya wantchito wamba muone zimene akutha kutsegula. Mukapeza ngati zathuzi, lembani pansipa.

Tsopano mverani zimene ndikufuna. Mundibwezere zilolezo za fayilo payokha pa pulani yomwe ndinalipira, popanda kuwonjezera senti. Mundipatse audit log yonse kuyambira tsiku la update lija, kuti bambo aja ndiwauze zoona za amene anaona ndi amene sanaone. Mkulu wa mnyamata uja andiimbire, ndipo kupepesa kwanu kukhale kolembedwa kuti ndikakuonetse antchito anga. Ngati zimenezi simungathe, bwezani madola 480 anga onse, osati theka, osati kirediti yogwiritsa ntchito kwa inu nomwe.

Imelo yotseka tiketi ndaisunga, risiti ndili nayo, zithunzi za zilolezo mmene zinalili kale ndi mmene zilili pano ndili nazo. Likafika Lachisanu musanayankhe, ndikupita kubanki kukatsutsa ndalama ndinakulipiraniyo, ndikapereka dandaulo kwa oyang'anira chitetezo cha deta, ndipo zithunzizo ndiziika pompano. Musandiyankhe kuti nditumize uthenga ku inbox. Yankhani pano pomwe, aliyense akuona.