Kwa mwana wanga, mphunzitsi wa Bayoloje ku Mchinji

Wokondedwa Naphiri,

Kuno ku Kasungu tadzuka bwino, kungoti amayi ako bondo lija likuwavutabe kukazizira. Fodya ali m'chigafa, tikungodikira aume. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri, ndipo ndaona kuti kuyankha pafoni sindingathe, mawu angandithawe. Ndalemba papepala, mlongo wako ajambula n'kukutumizira.

Ukuti ana ako a Fomu 3 akulephera za thupi la munthu. Ukuti pasukulupo palibe labotale, mabuku ndi ochepa, ndipo iwe watopa kujambula mtima pabolodi tsiku ndi tsiku ana n'kumangokuyang'ana ngati ukuwawerengera Chigiriki. Ndakumva. Koma ndikufunse, aphunzitsi: pamsika wapafupi ndi sukulu yakoyo sapha mbuzi?

Ine za mtima ndinazimva mu 1984, ndili Fomu 3, ndipo mpaka lero sizinandichoke. Tisanafike tsikulo tinali titaloweza kale kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, ma atrium awiri pamwamba, ma ventricle awiri pansi. Tinkaimba ngati nyimbo ya kusande sukulu, koma ukanandifunsa kuti chipinda chili chonse ntchito yake n'chiyani ndikanangokanda m'mutu. Ndiye m'mawa wina aphunzitsi athu analowa ndi beseni lovundikira ndi nyuzipepala. M'menemo munali mtima wa mbuzi, mapapo ake ndi kholingo, zonse zolumikizana. Anatenga phesi la papaya, lija la mphako timaimbira lipenga tili ana, n'kulilowetsa pakholingo, n'kuuzira. Mapapo aja, amene anali atafota ngati chiguduli, anafufuma n'kuyera, kalasi yonse kuti "Aaa!" Atasiya kuuzira anaphwa okha pang'onopang'ono. Anadula kachidutswa n'kuponya m'madzi, kanayandama.

Kenaka anang'amba mtima ndi lezala n'kutiuza kuti aliyense apisemo chala. Ine ndinali woyamba, poti kwathu kusenda mbuzi inali ntchito yanga. Khoma la mbali ina linali lochindikala kwambiri, la mbali inayo lopyapyala. Iwo sananene chifukwa chake, anangotifunsa kuti munthu wopalasa njinga kupita ku Santhe ndi wina wongofika pa golosale, wa minofu ya m'miyendo yaikulu angakhale uti. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene sankayankhulako m'kalasi, ndi amene anayankha kuti mbali ya kumanzere imakankha magazi mpaka ku chala cha kuphazi, pomwe ya kumanja imangowafikitsa kumapapo pafupi pomwepo. Tinaonanso timaulusi toyera togwira zitseko za mtima kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Nditakoka kamodzi ndi chala, kachitseko kaja kanagwedezeka. Pambuyo pake ndi pomwe anatiuza za William Harvey, dokotala wa ku England amene mu 1628 analemba kuti magazi amazungulira m'thupi, ndipo anafika pamenepo pochita kung'amba nyama n'kuyang'ana, monga tinachitira ife.

Ndiye pita kwa wopha mbuzi madzulo, umuuze kuti mawa akusungire mtima ndi mapapo asanazicheke, kholingo likhale lalitali. Anazolowera kudula zam'kati msanga, ukachedwa upeza ataziwaza kale. Pouzira usagwiritse pakamwa monga ankachitira akale aja. Tenga pampu ya njinga, umange ndi mphira. Sopo ndi madzi zikhale pakhomo. Chenjera ndi chifu: cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi chifukwa imabzikula, cha munthu n'chimodzi, ndiye ukawaonetsa osafotokoza adzakulembera zodabwitsa pa MSCE.

Zambiri sizifuna n'komwe ndalama. Mwana aliyense wabwera ndi thupi lake m'kalasimo. Agwire pamkono, awerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi atakhala phee. Ambiri apeza pakati pa 60 ndi 100. Athamange kuzungulira bwalo la mpira, awerengenso, kenaka uwafunse chomwe chasintha ndi chifukwa chake, iwe osafulumira kuwapatsa yankho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Apapase nthiti zawo, aone ngati angazipeze zonse 12 mbali imodzi. Mafupa 206 aja sindikuona phindu lowalowezetsa onse. Adziwe a m'dzanja lawo, a msana, ndi chifukwa chake bondo limangopinda mbali imodzi pomwe phewa limazungulira. Za malovu, atafune nsima yozizira nthawi yaitali osameza, amve ikuyamba kutsekemera. Ayodini wa pa zilonda uja ukamudontheza pa phala, limada bii, ndiye kuti sitachi alimo.

Ndipo uziyambira pa matenda omwe akuwadziwa. M'kalasi mwakomo mulibe mwana amene sanadwalepo malungo. Ukawauza kuti kachilombo ka malungo kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwaswa, amvetsa chifukwa chake kuchipatala amatembenuza chikope cha mwana ndi kuyang'ana zikhatho, amvetsanso mawu oti magazi achepa. Pomwepo ndi polowetsa za ayironi, za bonongwe ndi nyemba, ndi zoti selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120 lisanalowedwe m'malo ndi lina. Za magulu a magazi, A, B, AB ndi O, uwafunse ngati alipo amene m'bale wake anaikidwapo magazi. Manja akwera, ndipo nkhani iyamba yokha.

Tsopano pali china chimene unangochitchula mothamanga kumapeto, nanenso ndachizengereza mpaka pano. Mwambo wathu sulola bambo kukamba ndi mwana wake wamkazi za kubereka, zimenezo n'za anamkungwi ndi agogo. Ndiye apa ndikulembera mphunzitsi, mwana wanga atseke makutu. Aphunzitsi omwe aja, amene ndawatamanda chonchi, titafika pa mutu umenewu anangoti, "Mukawerenge nokha," n'kudumpha. Anachita manyazi. Ife anyamata tinkaseka zithunzi za m'bukumo kuseri kwa kalasi, osamvapo kanthu. Chaka chisanathe mtsikana amene ankatiposa tonse masamu anasiya sukulu ali ndi pakati. Patapita zaka ndinakumana naye pa chigayo, ndipo anandiuza akuseka, kuseka kowawa, kuti anzake anamuuza kuti ulendo woyamba munthu satenga mimba. Mpaka lero aphunzitsi aja ndimawaimba mlandu pa chimenechi.

Usadumphe mutu umenewo. Ana aseka tsiku loyamba, ena abisa nkhope m'madesiki, asiye aseke, kuseka kukatha upitirize. Uwauze zoona zake: kuti masiku 28 a m'buku si a mkazi aliyense, makamaka atsikana ongotha kumene msinkhu, kuti mbewu ya mwamuna imatha kukhala yamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu, ndiye kuwerenga masiku kwapusitsa ambiri. Anyamata asatuluke, zikuwakhudza. Ika katoni pakona, aliyense aponyemo funso lopanda dzina, chifukwa amene ali ndi funso lenileni sangakweze dzanja. Ndipo usanayambe, kambirana ndi ahedi komanso amayi a mother group, kuti kholo likadzabwera ndi mkwiyo kuti aphunzitsi akulaula, lidzapeze akuluakulu akudziwa kale kuti zili m'silabasi. Pamudzi mawu amathamanga kuposa njinga yamoto, ndipo iwe ndiwe mlendo kumeneko.

Amayi ako akuti ndikuuze kuti nkhani ya lezala ndi mtima ndawafotokozera kokwana, asaimvenso. Akupereka moni, ndipo akufunsa ngati mtedza wa kumeneko wayamba kukhwima, poti wathu chaka chino sunachite bwino. Ndakutumizira kangachepe pa Airtel Money, n'ka mbuziyo, usagulire mayunitsi. Ukachita phunzirolo undiimbire madzulo ake, ndikufuna kumva kuti woyamba kupisa chala anali ndani.

Ndine bambo ako.