Kodi mphaka wangayu adzafatsa liti?

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi cha m'ma 2 koloko usiku, ndili pakhonde. M'nyumba mwatentha monga mukudziwira Mangochi mwezi wa Okutobala, komanso bambo akunyumba sakundiyankhula kuyambira dzulo. Nkhani yake ndi ya mphaka. Ena aiona ngati yachabe, koma ine yandisowetsa tulo.

Ndi wamwamuna, ali ndi miyezi 11. Ndinamutenga ali ndi milungu 5 yokha. Ndikudziwa kuti kamwana ka mphaka kamafunika kukhala ndi mayi ake milungu yosachepera 8, chifukwa ndi pamene kamaphunzira kwa anzake kuti kuluma kumapweteka. Koma mayi ake anafa atadya khoswe wa poizoni, ndiye ndikanatani? Ndikanamusiya pa dzala?

Masana alibe vuto. Amagona pasimenti kunsi kwa bedi, ndipo ndikawerengera amakwanitsa maola 14 patsiku, monga amphaka ambiri. Dzuwa likangolowa ndiye amayamba. Kuthamanga kuchokera pabalaza mpaka kukhitchini, kukwera makatani, kulumphira nalimata pakhoma. Amapumako pakati pa usiku, kenaka cha m'ma 4 koloko, azana asanamveke kumzikiti, wayambanso. Amakwera pamwamba pa neti n'kumagwira zala zathu zakumapazi. Maneti awiri ang'ambika. Pamenepa bambo sindiwatsutsa, udzudzu wa kuno kufupi ndi Shire si wogona nawo mu neti yobooka. Yachiwiriyo ndinasoka ndekha malo 6.

Musaganize kuti ndimangomulekerera. Katemera wa chiwewe analandira ali ndi miyezi 3 kwa alangizi a ziweto. Mankhwala a njoka zam'mimba ndimamupatsa miyezi 3 iliyonse. Utitiri alibe, ndimamupesa ndi kuyang'ana m'khosi ndi kumchira, ndipo sindinamuthirepo dipi wa agalu chifukwa mankhwala ena a agalu, monga permethrin, amapha amphaka. Amadya katatu patsiku, usipa wophika wopanda mchere, wopanda anyezi, ndi kansima pang'ono. Mkaka ndinasiya chifukwa unkamutsegula m'mimba. Sakuwonda, sakusanza, ubweya ukuwala. Si matenda ayi, ndi mphamvu chabe.

Kusewera naye ndimasewera. Ndinamanga nthenga za nkhuku kuchingwe, chingwecho kukamtengo. Mphindi 15 madzulo, mphindi 15 tisanagone. Ndimakoka nthengazo pansi ngati mbewa ikuthawa, osamuwirikiza nazo kumaso, ndipo pomaliza ndimamulola agwire, kenaka ndimamupatsa chakudya chomaliza cha m'ma 9 koloko. Mphaka akasaka n'kudya, amadzinyambita n'kugona, ndi mmene analengedwera. Chingwecho ndimabisa m'kabati chifukwa akachimeza chikhoza kumanga matumbo. Ndinamuzengeranso chingwe cha khonje pachipika kuti azinolerapo zikhadabo m'malo mwa mpando. Zimathandiza, koma mpaka 4 koloko basi.

Zoluma mapazi si ine ndinamuphunzitsa. Pakhomo pano pali mphwawo wa bambo, mnyamata wa Fomu 3, amene amamugwedezera zala zakumapazi pansi pa chitenje akamaonera mpira. Ndamuuza kangapo konse kuti dzanja ndi phazi si zoseweretsa, ukamuzoloweza lero mawa aluma mlendo. Amangoseka. Tsiku limene fulasiki inasweka ndi iyeyo anaisiya m'mphepete mwa tebulo, ine ndimaika pamwamba pa kabati nthawi zonse, ndipo tiyi amene anali mmenemo anali wake. Koma mlandu unagwera mphaka, ndiye kuti unagwera ine.

Kufula ndinamufulitsa ali ndi miyezi 9. Ndinachedwa, zimayenera kuchitika cha pa miyezi 5 kapena 6 asanayambe kufuna akazi. Chifukwa chimene ndinachedwera sindinena pano. Patapita milungu ngati 6 anasiya kuwaza mkodzo pakhoma ndi kulira pazenera usiku. Kuthamanga sanasiye. Ndinali nditawalonjeza bambo kuti akafulidwa afatsa, pomwe mumtima ndikudziwa kuti kufula kumachepetsa zoyendayenda ndi ndewu, osati masewera. Ndinangofuna kuti andipatse nthawi. Lero akunena kuti ndinawanamiza.

Palinso mayi woyandikana nafe amene amayanika usipa ndi kambuzi wa ku Malombe pathandala kuseri kwa mpanda. Wanga anakwerapo kamodzi, ndinamuona ndi maso anga, ndipo ndinalipira. Koma akhwangwala amatola tsiku ndi tsiku, ndi amphaka ena osowa mwini alipo ambiri. Panopa nsomba iliyonse ikasowa akuti ndi wanga. Afika pomauza anthu kumjigo kuti mphaka wosagona usiku ndi wotumidwa. Mphaka aliyense amachangamuka madzulo ndi mbandakucha chifukwa ndi nthawi imene mbewa zimayenda. Ufiti ulowapo pati?

Dzulo bambo anena kuti mwezi uno ukamatha asamuonenso. Akuti amuika m'thumba akamusiye kutsidya kwa mlatho, njira ya ku Namwera, kapena apite kumudzi akagwire makoswe m'nkhokwe. Mphaka wokulira m'nyumba, wosadziwa galu. Pomaliza anati, “Mayi, mphaka si mwana.” Ananena pamaso pa mnyamata uja. Takhala m'banja zaka 8 ndipo akudziwa bwino chimene mawu amenewo akutanthauza m'nyumba muno. Ine sindinanenepo kuti ndi mwana.

Pali zina zimene ndalakwitsa ndekha. Akayamba phokoso la 4 koloko ndimadzuka msanga n'kumupatsa usipa kuti bambo asadzuke. Ndiye ndamuphunzitsa kuti akasokosa, chakudya chibwera. Njira yake ndikuidziwa: kutseka chitseko cha kuchipinda, osatsegula, osayankha ngakhale kumukalipira, chifukwa kukalipako kwa iye ndi yankho ndithu. Koma masiku oyamba kulira kumawonjezeka kusanayambe kuchepa, ndipo zimatha kutenga milungu iwiri. Ukangotsegula kamodzi wabwerera poyambira. Bambo apirira milungu iwiri? Komanso chitseko chikatsekedwa m'nyengo ino m'chipinda simupumika.

China ndi ichi. Sabata yatha ndinamumenya ndi tsache. Anali atagwetsa chinthu china chimene ndimasunga m'sutikesi, chimene sindifuna munthu aliyense achikhudze. Kuyambira tsiku limenelo ndikagwira tsache kuti ndisese amathawira kunsi kwa bedi. Kumenya sikuphunzitsa mphaka kanthu koma mantha, ndinkauza ena zimenezi ine ndemwe.

Ndikudziwa kuti amphaka ambiri amayamba kufatsa akakwanitsa chaka, ndipo pofika zaka 2 amakhala atakhazikika, ngakhale ena amafika zaka 3. Wanga wangotsala mwezi umodzi kuti akwanitse chaka. Koma bambo akufuna tsiku, ndipo ndikawalonjezanso zosachitika ndiye kwatha. Kodi mphaka wochoka kwa mayi ake msanga chonchi amachedwa kufatsa kuposa anzake? Ndimutengere mnzake wamsinkhu wake kuti azilimbana okhaokha? Ndikudziwa kuti zimathandiza, koma ndingayambe bwanji kutchula mphaka wachiwiri m'nyumba imene mmodzi akuthamangitsidwa? Kumutulutsa panja usiku ndikuopa agalu, poizoni wa makoswe, ndi mayi uja. Nanga ndikamugoneka kukhitchini ndi madzi ndi beseni la mchenga, kulira kwake sikuwapatsa aneba chonena china?

Ndipo mundiuze, Aphungu, kodi ndiwauze bambo kuti mawu aja andipweteka, kapena ndingokhala chete ndipemphe miyezi 3 yokha? Akadzamuchotsa ine ndili kumsika, ndidzatha kuwakhululukira? Mwezi watsala ndi masiku 12.

Ine,
Mayi wosowa mtendere,
Mangochi