Vairasi yokiya mafayilo n'kufuna dipo la Bitcoin: chenjezo kwa eni makompyuta ku Dedza

Akonzi,

Tikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti tichenjeze eni mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata, akalaliki a m'masukulu, ndi asungichuma a ma SACCO ndi makopaletivu a alimi a kachewere, kuyambira pa boma mpaka ku Linthipe, Bembeke, Lobi ndi Mayani. Nkhani yake ndi ya ransomware, vairasi imene imakiya mafayilo onse m'kompyuta kenako n'kufuna dipo kuti iwatsekule.

Ambiri anaimva mu February 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'makina opangira mapasipoti ndipo akufuna ndalama, koma boma silipereka. Panapita masabata angapo anthu osalandira mapasipoti. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ena anangoti zimenezo n'za boma ndi makampani akuluakulu. Si choncho. Pali mtundu wina, wotchedwa STOP kapena Djvu, umene umagwira kwambiri anthu wamba, ndipo khomo lake ndi chizolowezi chimene chili ponseponse kuno: kuika Office, Photoshop kapena magemu obedwa, aja timati a crack.

Zimayenda chonchi. Munthu amatenga pulogalamuyo pa intaneti kapena pa fulashi ya mnzake. Malangizo ake amati ayambe wazimitsa antivirus kuti iloweke bwino, iye n'kuzimitsadi. Pamenepo vairasi imayamba ntchito mwakachetechete. Pomadzazindikira, makalata, zithunzi ndi mafayilo a Excel onse ali ndi mchira wachilendo wa zilembo zinayi kumapeto kwa dzina, ndipo sakutseguka. Pambali pake pali kakalata kotchedwa _readme.txt, kofuna dipo lolipira mu Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. Kwa zaka zingapo dipolo linali madola a ku America 980, kapena 490 ngati mwiniwake alembera akubawo maola 72 asanathe. Nthawi zambiri vairasi imeneyi imabwera ndi inzake yoba mapasiwedi amene anasungidwa mu Chrome, kotero imelo ndi Facebook nazo zimakhala zapita.

Makomo ena alipo. Imelo yonamizira invoisi yokhala ndi fayilo ya Word yopempha kuti mudine Enable Content. Remote Desktop, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, yosiyidwa yotseguka ndi pasiwedi yophweka. Ndiponso Windows yakale. Ransomware yotchedwa WannaCry, imene mu May 2017 inagwira makompyuta m'maiko oposa 150 n'kusokoneza zipatala za ku Britain, inalowera pa bowo limene Microsoft inali itatseka kale mu March chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi aja sanachite update, kutanthauza kulowetsa zokonza zimene Microsoft imatumiza. Windows 7 inasiya kulandira zokonza mu January 2020, Windows 10 mu October 2025, koma m'maofesi ambiri zidakali pa ntchito, ndipo ena amatseka dala update poopa kutha kwa bandulo.

Tinene mosabisa: antivirus imachotsa vairasi, koma sitsekula mafayilo okiyidwa kale. Kufufuta mchira uja pa dzina la fayilo sikuthandiza, chifukwa chimene chasokonezedwa ndi zam'kati, ndipo kiyi wake ali kwa akuba. Mmisiri wokuuzani kuti mum'patse ndalama atsekula zonse pofika mawa, mufunseni kuti kiyiyo aitenga kuti.

Nanga akubawa amafuniranji Bitcoin? Nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ili ndi dzina ndi chitupa cha mwini wake, ndipo kampani ikhoza kuitseka. Adiresi ya Bitcoin aliyense amaitsekula popanda chitupa, ndipo ndalama ikatumizidwa palibe ofesi yoibweza. Komabe si kuti siilondoleka, pakuti kaundula wake ndi wapoyera. Mu May 2021 kampani ya mafuta ya Colonial Pipeline ku America inalipira ma Bitcoin 75, pafupifupi madola 4.4 miliyoni, ndipo FBI, nthambi ya apolisi ofufuza ya ku America, inalondola n'kulanda 63.7 mwa amenewo. N'chifukwa chake magulu ena anayamba kukonda Monero, ndalama ina ya pa intaneti imene imabisa wotumiza ndi wolandira. Koma mwini shopu wa pa Dedza alibe FBI yomulondolera. Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zamtunduwu si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, kotero wofuna kulipira dipo amakagula Bitcoin kwa munthu wosamudziwa wa pa WhatsApp kapena Telegram, ndipo akhoza kuberedwa kachiwiri asanafike n'komwe kwa wakuba woyamba. Akalipira, palibe chokakamiza akubawo kutumiza kiyi. Apolisi a ku Britain ndi anzawo atalanda makina a gulu la akuba a ransomware lotchedwa LockBit mu February 2024, anapezamo mafayilo a anthu amene analipira kale atalonjezedwa kuti afufutidwa. Maganizo athu ndi akuti musalipire.

Chimene chimapulumutsa ndi backup, kutanthauza kusunga makope a mafayilo kwina, koma ambiri amaichita molakwika, ndiye tikhalepo pang'ono. Fayilo iliyonse yofunika ikhale m'malo atatu: m'kompyuta, pa external (disiki yapadera yolumikiza ndi waya), ndi kwina kunja kwa ofesi. External ya 1TB imakwanira shopu kapena sukulu. Cholakwika chachikulu ndi kuisiya yolumikizidwa tsiku lonse. Vairasi imakiya chilichonse chimene kompyuta ikuona, fulashi, external ndi mafoda ogawana pa netiweki, ngati moto wopsereza nyumba pamodzi ndi nkhokwe imene yagundana nayo. Kopani, zulani, kaikeni m'kabati. Ngati n'kotheka khalani ndi ziwiri zosinthana: Lachisanu lino iyi, Lachisanu linalo inayo, imodzi izigona kunyumba kwa ahedi kapena kwa msungichuma. Mukatero, ngakhale mutakopa mafayilo owonongeka mosadziwa, inzake ija idakali ndi abwino a sabata yatha. Kaundula wa ngongole za mamembala kapena wa fizi, amene amasintha tsiku lililonse, azikopedwa madzulo alionse.

Google Drive imapereka 15GB yaulere, ndipo ndi yothandiza. Koma ngati munaika kuti izidzikopera yokha, idzakopanso mafayilo okiyidwawo pamwamba pa abwino. Mafayilo abwino akalewo Google imawasunga masiku 30 okha, ndiye musachedwe kuwabweza. Kamodzi pa mwezi tsekulani mafayilo angapo a pa external pa kompyuta ina, muone ngati akuwerengeka. Kuthimathima kwa magetsi kumadula kukopa pakati, munthu n'kumaganiza kuti ali ndi backup pamene alibe.

Amene sangakwanitse kugula Office aike LibreOffice, ndi yaulere ndipo imatsekula mafayilo a Word ndi Excel. Kompyuta yosungira ndalama isakhale yomweyo yolowetsapo mafulashi a makasitomala.

Zikakugwerani, choyamba zulani waya wa netiweki, zimitsani Wi-Fi, chotsani fulashi iliyonse, kuti zisafalikire kwa anzanu. Musathamangire kufomata, kumene ndi kufufuta zonse za m'kompyuta. Jambulani kakalata ka dipo ndi foni. Sinthani mapasiwedi onse pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, osati yodwalayo, ndipo yatsani chitetezo chotumiza kodi ku foni. Kenako yesani pa No More Ransom, tsamba la pa intaneti limene Europol, bungwe la apolisi a ku Ulaya, ndi apolisi a ku Netherlands anayambitsa mu 2016 pamodzi ndi makampani a antivirus. Mumatumizako fayilo imodzi yokiyidwa ndi mawu a m'kakalatako, ndipo ngati kiyi wa mtundu umenewo anapezeka, mumapatsidwa chotsekulira kwaulere. Ngati palibe, sungani mafayilo okiyidwawo pa disiki yapadera, chifukwa makiyi ena amatuluka apolisi akagwira gulu. Mukatero ndiye fomatani n'kuika Windows yatsopano, ndipo muichite update musanalumikize external ija.

Kanenaninso kupolisi ndi ku Malawi CERT, nthambi yothandiza pa za chitetezo cha makompyuta imene ili pansi pa MACRA. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu. Ndipo pempho lathu kwa a MACRA ndi lakuti malangizowa amveke m'Chichewa pa mawailesi a m'madera, pamodzi ndi nambala imene kalaliki wa ku Mayani angaimbe m'mawa umene wapeza mafayilo sakutseguka.

Amisiri okonza makompyuta,
Dedza