Lipoti la nthumwi pa msonkhano wa zakudya zokazinga, antchito ndi umoyo

A Tcheyamani, akomiti ndi mamembala nonse, amayi ndi abambo,

Munatituma ku Kabwe kuti tikaimire gulu lathu la ophika ndi ogulitsa chakudya kuno ku Lusaka, ndipo zomwe tabwera nazo ndi izi. Kunali eni malo ogulitsira nkhuku ndi tchipisi, oimira antchito, oyendera zaukhondo a m'makhonsolo ndi madokotala. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kale kwa msungichuma. Amene mtima ukuwawa ndi alawansi apite akawerenge okha m'malo monong'ona kuseri kwa tuntemba.

Malonje a akuluakulu anadya m'mawa wonse popanda chatsopano. Za misonkho ndi ziphaso mukuzidziwa kale. Chimene chinabweza ndalama ya ulendo ndi phunziro la saladi, mafuta okazingira.

Saladi wokazingira amafuna moto wa madigiri 170 mpaka 180. Moto ukachepa, tchipisi chimamwa mafuta n'kukhala chonyowa. Ukapitirira, saladi amafuka n'kufa msanga. Zomupha zina ndi madzi, mchere, mpweya ndi nyenyeswa za ufa wa nkhuku zimene zimapserera pansi pa poto. Choncho mbatatesi mukazitsuka muzipukute ziume musanaziponye m'mafuta, mchere muthirire pambali osati pamwamba pa poto, ndipo madzulo saladi akazizira mumusefe ndi nsalu yothina n'kumuvundikira. Poto wa nsomba asasakanizidwe ndi wa tchipisi. Chizolowezi chothira saladi watsopano pamwamba pa wakale amene wafa kale sichipulumutsa kanthu, chifukwa wakufayo amaononga watsopano msanga. Ndiye kuti mwataya onse awiri.

Mphunzitsi anaika patebulo mabotolo atatu: lina loyera, lina lofiirira, lina lakuda lomata pasupuni ngati manyuchi. Anaviikamo kachipangizo koyeza gawo la mafuta limene laonongeka, n'kufotokoza kuti m'mayiko ambiri likafika pafupifupi 25 peresenti, lamulo limati mafutawo atayidwe. Botolo lofiirira lija, limene ambiri m'holo anati n'labwinobwino, linali litadutsa kale malire. Ife tilibe chipangizocho, koma maso ndi mphuno tili nazo: thovu losatsika, utsi wotuluka poto asanatenthe bwino, fungo loswa m'maso ndi kukhosi, kumata. Mukaona chimodzi mwa izi, saladi watha.

Tsono saladi wakufayo amapita kuti? Tisanamizane, abale. Amatuluka pakhomo lakuseri la malo ena akuluakulu m'zigubu za malita 20, n'kufika m'makomboni pa mtengo wogwetsa, ndipo ena mwa ife timagula. Ndi yemweyo amene amakazinga vitumbuwa ndi tchipisi cha ana a sukulu ku Chawama, Kanyama ndi Mtendere. Wolemera wadya saladi ali moyo, mwana wa m'komboni akudya zotsala zake. Madokotala ananena poyera kuti mafuta otenthedwa mobwerezabwereza amapanga zinthu zoononga mitsempha ya magazi. Ife nthumwi tikuti gulu liletse mamembala ake kugula saladi ameneyu. Mudzati watsopano ndi wodula, n'zoona. N'chifukwa chake chaka chatha tinagwirizana zogula pamodzi kwa ogulitsa chipiku, ndalama tinasonkha, koma mpaka lero palibe chigubu chinafika ndipo komiti yaing'ono ya saladi sinapereke lipoti. Nkhani imeneyi sinathe.

Za malaiti nazo zinakambidwa. Majeremusi amaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi akazima, ndipo mukamaitsegulatsegula nthawiyo imafupika. Nkhuku imene yasungunuka n'kufunda isabwezeredwe mufiriza. Pokazinga, m'kati mwake pafupi ndi fupa mufike madigiri 75, pakuti kufiira kwa kunja kumanamiza, makamaka ntchafu zikaponyedwa zisanasungunuke bwino. Zokazinga kale zikhale pamoto wopitirira madigiri 60, osati m'galasi loombedwa ndi dzuwa kuyambira m'mawa.

Gawo la madokotala linali lalitali, tingotolapo zochepa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, supuni yaing'ono yosadzaza. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2017 anapeza kuti m'Zambia timadya pafupifupi kawiri kuposa pamenepo, ndipo munthu wamkulu mmodzi mwa asanu aliwonse ali ndi BP yokwera. Botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 500 limatha kukhala ndi shuga wokwana magalamu 50 kapena kuposa, muyeso wa tsiku lonse wa munthu wamkulu. Ndipo malo akuluakulu amamangirira chakumwacho pamtengo umodzi ndi nkhuku ndi tchipisi, kuti wogula aone ngati kukana n'kuluza. Mwana amene tsiku lake lobadwa limakondwereredwa kumashopu akuluakulu a ku Manda Hill kapena East Park amakula akuganiza kuti nsima ya chibwabwa chotendera ndi chakudya cha umphawi.

Msonkhano unagwirizana kupempha boma kuti likweze msonkho wa zakumwa zotsekemera, umene unayamba mu 2019 pa 30 ngwee pa lita. Tinavomera. Koma chigamulo chachiwiri, choti zokazinga zisagulitsidwe pafupi ndi mageti a sukulu, tinachikana ndipo tinagonja pa voti. Maganizo athu sanasinthe. Lamulo lotero lidzagwira mayi wa mbaula ndi beseni, pamene shopu yaikulu ya tsidya lina la msewu idzapitiriza ndi zikwangwani zake ndi njinga zamoto zoperekera chakudya mpaka pageti lomwelo. Tonse tikukumbukira Januwale 2018, nthawi ya kolera, kuti ogulitsa ang'onoang'ono ndi amene anayamba kusesedwa m'misewu. Ngati pali lamulo, likhale la mtundu wa saladi, mchere ndi ukhondo, ndipo ligwire wamkulu ndi wamng'ono mofanana.

Oimira antchito anafotokoza lamulo la Employment Code Act la 2019. Sabata ya ntchito ndi maola 48. Opitirira apo amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo pa holide ya boma kawiri. Kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhazikika n'koletsedwa. Chosonkha cha penshoni ku NAPSA ndi 5 peresenti ya malipiro kwa wantchito ndi 5 kwa bwana, cha inshuwalansi ya zaumoyo ku NHIMA ndi 1 mbali iliyonse. Anatchulanso njira zimene antchito amaberedwa nazo: maola otsuka mapoto shopu ikatsekedwa sawerengedwa, shoti ya ndalama za patilu imadulidwa pamalipiro popanda kufufuza, ndipo mtsikana amaweruka usiku minibasi zitatha, n'kudzilipirira yekha takisi. M'holo anthu anaomba m'manja podzudzula makampani. Ife manja analemera, chifukwa m'gulu lathu lino muli ena amene amatenga mwana kumudzi ku Petauke kapena ku Katete, n'kumuimika papoto kuyambira mbandakucha mpaka usiku, malipiro ake nsima ndi pogona. Akapsa ndi mafuta amamupaka mankhwala otsukira mano kapena dzira n'kumuuza kuti apitirize. Chofunika ndi madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, kenako kuchipatala. Ndipo saladi akagwira moto musathire madzi, amaphulika. Zimitsani mbaula kapena gasi, vundikirani poto ndi chivundikiro chachitsulo. Chozimitsira moto chimene tinapempha kuti chiikidwe pamzere wa okazinga chinakanidwa kuti n'chodula, koma ndalama ya mayunifomu a komiti inapezeka.

Tikupempha a Tcheyamani kuti pa msonkhano ukubwerawu komiti ya saladi ibwere ndi buku la ndalama, ndipo membala aliyense abwere ndi satifiketi ya kuchipatala ya wophika wake, chifukwa zambiri zinatha kale mphamvu ndipo oyendera a khonsolo sadzamva zoti tinaiwala. Mapepala onse amene tinalandira ku Kabwe ali kwa mlembi, amene akufuna akajambule ndi foni.

Ndife anu,
Nthumwi za gulu