Tisamangoombera m'manja nambala wani yekha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yathuyi pa zimene ndinaona tsiku lotsekera chaka pa sukulu ina ya pulayimale ya mpingo wa Katolika kuno ku Dedza, kumene kumaphunzira mdzukulu wanga. Ndakhala ndikupita ku miyambo yotereyi kwa zaka zambiri, poyamba monga kholo ndipo tsopano monga gogo, kotero kuti kayendedwe kake ndimakadziwa bwino. Ana amakhala pansi pa mitengo kalasi ndi kalasi, mphunzitsi amawerenga mayina a okhoza kuyambira nambala wani, amayi amaimba nthungululu kwa atatu oyambirira, kenaka chimwemwe chimanka chizilala mpaka kufika kwa obwereza kalasi, amene amabwerera kwawo atazolika ngati alakwira mudzi wonse.

Chaka chino zinthu zinayenda mosiyana. Misa yothokoza itatha, mphunzitsi wamkulu anapereka makope, zolembera ndi sopo kwa ana okhoza bwino monga mwa nthawi zonse, ndipo anawo anayeneradi kuyamikiridwa, pakuti anakhetsa thukuta. Koma atamaliza, anaitana mtsikana wina wa Sitandade 3 amene, malinga ndi aphunzitsi ake, kumayambiriro kwa chaka sankatha kulumikiza maphatikizo awiri kuti apange liwu. Anamupatsa buku la Chichewa kuti awerenge pamaso pa khamu lonse. Mwanayo anayamba ndi mawu onjenjemera, chala chili pa mzere, ndipo atafika pa liwu lakuti "ntchentche" anaima. Bwalo lonse linangoti zii. Mphunzitsi wake, amene anaima pambali pake, sanamuuze yankho, anangomugwira paphewa. Mwanayo anatchula phatikizo loyamba, n'kulibwerezanso, kenaka anapitiriza mpaka kutsiriza tsamba lonse. Agogo ake ananyamuka pakati pa amayi, namasula chitenje chawo n'kuchiyala pansi kuti mdzukulu wawo adutsepo, ndipo ine, amene ndaona miyambo yambiri, misozi inalengeza m'maso.

Pambuyo pake mphunzitsi wamkulu anayamikiranso mnyamata amene sanajombe tsiku ndi limodzi ngakhale m'nyengo ya mvula pamene mtsinje wa kwawo umadzaza, gulu la ana osamalira mitengo imene anabzala kuseri kwa makalasi, komanso amayi amene amadzuka mbandakucha kudzaphika phala.

Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti ife Amalawi tazolowera kuyeza sukulu ndi muyeso umodzi wokha, womwe ndi zotsatira za mayeso a Sitandade 8 ochokera ku bungwe la MANEB. Zotsatira zikatuluka, timafunsana kuti ndi ana angati asankhidwa kupita ku sekondale zogonera komweko monga Likuni kapena Mtendere. Funsoli silolakwika, koma malo m'sukulu zimenezi ndi ochepa kwambiri, ndipo ana ambiri osankhidwa amapita ku sekondale zoyendera. Tikamaombera m'manja ochepawo okha, ana ena onse timawaphunzitsa kuti sukulu si yawo, ndipo mwana amene wamva zimenezi chaka ndi chaka savuta kusiyira panjira, kukayamba ganyu kapena kukalowa m'banja msinkhu usanakwane.

Tisaiwalenso kumene ana athu akuphunzirira. Kale mu 1992, m'kalata yawo yotchuka ija, maepiskopi a Katolika anadandaula za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndiponso kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo. Boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Limenelo linali dalitso lalikulu kwa mabanja osauka, komabe mpaka lero m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi wa makalasi oyambirira amayang'anizana ndi ana oposa 100. Mphunzitsi amene m'khamu lotere amazindikira kuti mwana uje wokhala kumbuyo sakutha kuwerenga, n'kumatsala naye ena akaweruka, wagwira ntchito yosachepa poyerekeza ndi amene watumiza ana asanu ku sekondale yotchuka, ngakhale kuti dzina lake silimveka pa wailesi.

Kwa ife Akatolika, zimene inachita sukuluyi si zachilendo. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua m'boma lathu lino mu 1902, anatsegula timasukulu ta m'midzi momwe akatekisiti ankaphunzitsa ana kuwerenga, kulemba ndi katekisimu, popanda kuyang'ana kuti uyu ndi mwana wa mfumu kapena wa munthu wamba. Sukulu za mpingo zimalandiranso ana a mipingo ina ndi a Chisilamu, ndipo tsiku limenelo makolo onsewa tinakhala pamodzi, tikusangalalira mwana mmodzi yemweyo.

Choncho ndikupempha makomiti a sukulu, abambo mfumu a maparishi ndi aphunzitsi aakulu m'sukulu zonse, za mpingo ndi za boma zomwe, kuti pa tsiku lotsekera azipatula nthawi yotchula ana amene asuntha kuchoka pamene anali, osati okhawo amene ali patsogolo. Sipafunika ndalama zambiri, pakuti kope limodzi ndi pensulo n'zokwanira. Kwa inu akonzi, pempho langa n'lakuti musamadikire zotsatira za mayeso kuti mulembe za sukulu za pulayimale. Titumizireni mtolankhani wanu chaka chamawa tikamadzatsekera, adzakhale nafe pansi pa mitengo ija, adzamve yekha ana a Sitandade 2 ndi 3 akuwerenga, ndipo adzacheze ndi aphunzitsi amene anatsala nawo masana ena ataweruka.

Gogo wokonda maphunziro,
Dedza