Oimba, muziwayendera odwala matenda oiwalaiwala

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule za anthu amene angoyamba kumene kudwala matenda oiwalaiwala a dementia, komanso abale amene amawasamalira. Pempho langa likupita kwa makwaya, oliza magitala ndi aliyense wa mawu abwino: muziwayendera anthuwa n'kumaimba nawo pamasom'pamaso matenda asanafike patali.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo chaka chilichonse enanso pafupifupi 10 miliyoni amayamba kudwala. Ambiri mwa iwo vuto lawo ndi Alzheimer, yomwe ilibe mankhwala ochiziratu. Choncho banja likauzidwa kuchipatala kuti mayi kapena bambo ali ndi matendawa, limabwerera kunyumba lili kakasi, osadziwa poyambira.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo sizichoka msanga m'mutu. Alzheimer imayamba ndi kuwononga mbali ya ubongo yosunga zinthu zatsopano, n'chifukwa chake wodwala amafunsa funso lomwe mwangomuyankha kumene. Koma akatswiri ena analemba m'magazini ya Brain mu 2015 kuti mbali zosunga nyimbo zomwe munthu anazidziwa kalekale zimachedwa kuwonongeka. Tony Bennett, woimba wa ku America, anapezeka ndi Alzheimer mu 2016, koma mu Ogasiti 2021, ali ndi zaka 95, anaimbabe pamaso pa khwimbi la anthu ku Radio City Music Hall ku New York limodzi ndi woimba mnzake Lady Gaga.

Wina afunsa kuti bwanji osangowayatsira wailesi kapena foni? Zimathandiza ndithu, sindikutsutsa. Koma wailesi sidikira munthu. Woimba amene wakhala pafupi amaona nkhope. Akaona milomo ya agogo ikutsalira m'mbuyo amachepetsa liwiro, akaona kuti mawu akwera kwambiri amawatsitsa, ndipo ndime imene agogo aigwira amaibwereza kawiri katatu mpaka iwo atatsogolera okha. Nyimbo ina ikadzutsa chisoni cha maliro akale, amaisiya n'kuyamba ina. Wodwala amene tsiku lonse amakhalira kuuzidwa kuti walakwitsa, panthawiyi amapeza chinthu chimene akuchichita bwino pamaso pa anthu, ndipo nthawi zina ndiye amakumbutsa achinyamata mawu a ndime yachiwiri.

Amene ndikuwadandaula kwambiri ndi osamalira. Bungwe lija la World Health Organization limati achibale amatha pafupifupi maola 5 patsiku akuyang'anira wodwala, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi, 70 pa 100, limagwa pa amayi. Pang'onopang'ono mkazi amasiya kukhala mkazi wa mwamuna wake, amasanduka mlonda: kukumbutsa mankhwala, kufunafuna makiyi, kutseka zitseko. Alendo akabwera amafunsa za wodwala yekha. Pamene akuimba, awiriwa amakhalanso ofanana kwa kanthawi, palibe wolondera mnzake. Ku Finland, ofufuza otsogoleredwa ndi Teppo Särkämö anatenga odwala 89 amene matenda awo anali asanakule kwambiri, aliyense ndi womusamalira wake. Ena anaphunzitsidwa kuimba limodzi kwa masabata 10, ena kumvetsera nyimbo, ena anapitiriza monga mwa masiku onse. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti kuimba ndi kumvetsera komwe kunawasangalatsa odwala, koma kuimba kunapepukitsanso mtima wa owasamalira.

Tisanamizane, nyimbo siziimitsa matendawa. Bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula zofufuza za zaumoyo, litaunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2018 linapeza kuti nyimbo zimachepetsa kukhumudwa kwa odwala, koma pa nkhani ya nzeru ndi kukumbukira kusintha kunali kochepa kapena kunalibe. Aliyense wolonjeza banja kuti nyimbo zibweza nzeru za wodwala akuwabera chiyembekezo. Kwa ine, munthu wodwala kukhala wosangalala ola limodzi, womusamalira n'kupumako, n'chifukwa chokwanira kale.

Ndikulimbikira zoyamba msanga chifukwa panthawiyi wodwala amatha kunena yekha nyimbo zomwe amazikonda ndi zomwe sazifuna. Afunseni lero, muzilembe. Kawirikawiri zimakhala za paunyamata wawo, osati zimene zatchuka chaka chino, ndiye oimba mudzichepetse n'kuphunzira nyimbo zakale ngakhale zitakhala kuti sizikukukomerani. Musabwere ndi zokuzira mawu, phokoso limawasokoneza, makamaka amene makutu ayamba kuvuta. Anthu ochepa pamalo abata ndi okwanira. Mubwere dzuwa likadalipo, poti odwala ambiri amabalalika maganizo kukamada. Ndipo chonde musawayese mayeso ndi mafunso akuti "mwaikumbuka imeneyi?" kapena "anaimba ndani?" Ingoyambani nyimbo, adzakupezani m'njira.

Ku United Kingdom, bungwe la Alzheimer's Society lili ndi magulu otchedwa Singing for the Brain, momwe odwala ndi owasamalira amakumana n'kumaimba pamodzi. Sizilira zipangizo zodula, zimangofuna chipinda, mipando ndi munthu wodziwa kutsogolera nyimbo moleza mtima. Makwaya amakumana kale sabata ndi sabata kukonzekera. Ndikupempha atsogoleri awo kuti tsiku limodzi pamwezi alipatule, afunse achipatala kapena mabanja komwe kuli odwala otere, atumizeko anthu atatu kapena anayi. Inunso a Mkonzi, pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse, mudzatumeko mtolankhani akacheze ndi osamalira odwalawa, tidzamve kuchokera pakamwa pawo.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa