Kalata yochokera ku Phnom Penh, likulu la dziko la Cambodia

Mnzanga,

Uthenga wako ndaulandira, koma zonditchula bwana chifukwa ndakwera ndege usiye. Bwana wanji wodya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo? Lero ndi tsiku lachisanu nsima osaiona. Dzulo ndinalota Nabanda akundipakulira mitanda itatu ya usipa pambali, ndipo ndinadzuka nditakwiya. Kuno ali ndi prahok, nsomba zovunditsa ndi mchere. Fungo lake lingathamangitse ngakhale mlamu wako uja wosakana kanthu.

Msonkhano wa CamTESOL, wa aphunzitsi a Chingerezi, wayenda bwino. Ndinalankhula zanga zija za kalasi ya ana ochuluka, anawomba m'manja, basi.

Chandikhala pamtima ndi Tuol Sleng, malo a chikumbutso amene ndinakawaona kuno. Inali sukulu ya sekondale, iwe. A Khmer Rouge, gulu la Pol Pot, amene analamulira dziko lino kuyambira 1975 mpaka 1979, anaisandutsa ndende ya S-21. Makalasi ena anawadula ndi njerwa kukhala tizipinda tothina, makhonde anawatchinga ndi waya waminga. Analowamo anthu masauzande, otuluka amoyo ongowerengeka. Mkulu wa ndendeyo, Duch, anali mphunzitsi wa masamu. Wogwira choko ngati ife! Chonsecho aphunzitsi ndiwo ankasakidwa, moti kungovala magalasi kunkatha kukuphetsa, ati ndiwe wophunzira.

Ndinangozindikira ndavula angawa n'kuwaponya m'thumba. Potuluka ndinapunthwa pa sitepe, anthu akuona. Seka, ndikudziwa ukuseka. Magalasi omwe aja munkandinena nawo ku koleji kuti ndi matako a botolo. Usiku tulo osabwera, ndinawabisa pansi pa pilo ngati pali wina akudzawafuna, kutacha mwendo umodzi wapindika. Panopa akhala chopendama pamphuno, ndiye mawa ndipite nawo chonchi ku Siem Reap kukaona Angkor Wat, kachisi uja ali pa mbendera yawo, amene mfumu Suryavarman II inamangitsa m'zaka za m'ma 1100. Miyala yakhala chiimire zaka 900, ine magalasi andikanika kusunga usiku umodzi. Pa zithunzi ndikaoneka ngati ndalawa kachasu, ndipo a Phiri akaziona nkhani ifika mpaka ku tchalitchi.

Wokonza magalasi ndamupeza pafupi ndi msika, koma ukalipira madola chenji amakubwezera ma riel, pafupifupi 4,000 pa dola imodzi, ndiye kuwerengera kwake ndi maso awawa...

Za ndalama zija usandikumbutse, ndikafika. Pepala la pahotela pano latha, ndipo ndimafuna ndikuuze za mtsinje wa Tonle Sap umene umabwerera m'mbuyo nthawi ya mvula, koma